A Basil ndi Uta wa Apongozi

Pa Likoma palibe nyama yoti munthu n'kuisaka. Mukayenda kuchokera kwathu ku Yofu mpaka ku Mbungo mukumana ndi mbuzi za eni ake, nkhuku, abuluzi ndi miyala, basi. Komabe pachilumba chomwechi pali munthu amene wakhala akusema mauta kwa zaka zoposa makumi atatu, ndipo munthuyo ndi msuweni wanga, a Basil. Za usuwenizo ndanena msanga kuti musadabwe ndi pakamwa panga. Mayi awo ndi bambo anga anali a mimba imodzi, choncho ine Marian ndili ndi ufulu wowanena mmene ndingafunire, ndipo ufuluwo ndimaugwiritsa ntchito tsiku ndi tsiku.

Ntchito yawo yeniyeni ndi ukalipentala. Anaiphunzira ali mnyamata kwa mmisiri wina wachikulire amene ankakonza mabenchi a m'tchalitchi chachikulu ku Chipyela, ndipo anatengera khalidwe lake lonse. Kwa iwo thabwa liyenera kusalala mpaka ntchentche iterereke ikaterapo. Mukawapatsa mpini wa khasu kuti angoulowetsa, ubwera utapalidwa ndi puleni, utakhulidwa ndi sandipepala, mwinanso utapakidwa vanishi, moti polima umangokupulumukani m'manja. Khungwa pa mtengo amaliona ngati litsiro pakhosi pa mwana.

Mauta awo ali kudenga kwa khonde, ondanda bwinobwino. Tsiku lina ndinawawerenga n'kufika makumi atatu ndi umodzi. Mukawafunsa ntchito yake amati ndi othamangitsira akhwangwala amene amaba usipa pathandala, pomwe timayanika nsomba. Thandala langa lili pafupi ndi lawo, ndiye ndingachitire umboni kulikonse kuti khwangwala wodzafa ndi muvi wa a Basil sanabadwe. Zimene analasapo ndi papaya wanga, kawiri, ndi ndowa ya mkazi wawo. Akhwangwalawo anafika powazolowera. Akaona uta amangosuntha pang'ono, n'kupitiriza kudya.

Koma za akhwangwalazi n'zongophimbira. Nkhani yeniyeni inayamba chaka cha 1986, nkhondo itavuta kutsidya ku Mozambiki. Anthu ankawoloka ndi mabwato kuthawira kuno, ndipo m'gulumo munali a Jeremiya, mlenje wochokera kumapiri a kuseri kwa Kobwe, ndi banja lawo. Anawapatsa malo kumtunda kwa Yofu. Anali ndi mwana wamkazi, Keziah, wamtali, wosaseka pachabe. Sipanathe mwezi, msuweni wanga anayamba kupezeka kumeneko ndi hamala, kukonza chitseko chimene sichinawonongeke. Anachikonza katatu.

Ankhoswe atapita, a Jeremiya sanavute. Anangoti m'banja mwawo, kuyambira kwa agogo awo, mwamuna wotenga mwana wamkazi amabweretsera bambo ake uta wosema yekha. Poti ankadziwa kuti mtengo wa uta sumera pa Likoma, anatulutsa wawo. Unali mtengo wowongoka, wouma kale, khungwa lake lili pomwepo. Pothawa nkhondo anasiya miphika, anasiya mbuzi, koma mtengo umenewu anaulowetsa m'bwato, mkazi wawo akudandaula njira yonse.

Kasemedwe kake sanafotokoze, chifukwa kwawo ngakhale wosasaka amakadziwa. A Basil nawo sanafunse. Kalipentala wophunzira ku mishoni akafunse mlenje za mtengo? Anaunyamula n'kukaugoneka pabenchi lawo, n'kuyamba ndi chimene chinkawanyansa. Anapala khungwa lonse, anapala mbali zonse mofanana, anakhula, anapaka vanishi kawiri. Masiku anayi athunthu. Utawo unkanyezimira moti ndinadzionerapo mano.

Tsiku lokapereka, theka la Yofu linatsatira. Ine ndinali patsogolo. A Jeremiya anaulandira ndi manja awiri, anautembenuza, anayang'ana kumsana kwake nthawi yaitali. Kenaka anamangirira nsinga n'kuubwezera kwa mwini wake kuti aukoke. Msuweni wanga anaima ngati pojambulitsa chithunzi, anakoka, ndipo nsinga isanafike n'komwe pachifuwa tinangomva phwaa. Uta unathyoka pamwamba pang'ono pa chogwirira, chidutswa china n'kukagwera m'chinangwa.

Tinadzamva pambuyo pake chimene chinalakwika. Uta uli ndi mimba ndi msana. Mimba ndi mbali yoyang'ana kwa wokoka, ndipo ndi yokhayo imene imasemedwa. Msana ndi mbali yoyang'ana kwa nyama. Pokoka, msanawo ndi umene umatamuka, ndipo chimene chimaugwira ndi khungwa pamodzi ndi mtengo wa pansi pake penipeni, mmene unamerera. Ukapalapo wadula mitsempha. Ndiye kuti a Basil anatha masiku anayi akupha uta mwaukhondo.

Anthu anaseka, ine kuposa onse, ndipo sindikubisa. A Jeremiya okha ndi amene sanaseke. Anapita m'chinangwa muja, anatola chidutswa chija, anatenganso chimene chinatsala m'manja mwa mnyamatayo.

"Keziah mtengeni, apongozi, mtima wake uli kale kwanu," anatero. "Koma uta wanga nidikira."

Ukwati unachitika ku Chipyela chaka chomwecho. Nkhondo itatha a Jeremiya anabwerera kumapiri kwawo, Keziah n'kutsala kuno. Kunabadwa ana asanu, kenaka adzukulu. Pakapita chaka kapena ziwiri banjali linkawoloka kukaona makolo, ndipo nthawi zonse moni ukangotha, madala aja ankafunsa mwaulemu wonse kuti nanga uta wawo uli pati. A Basil ankayankha kuti ukuuma. Chaka china, ukuuma. Chinanso, ukuuma. Ine ndinawauza kuti ngakhale nyanjayi ikanakhala itauma pofika pano.

Sikuti ankangokhala ayi. Mitengo ankawabweretsera Ernesto, mwamuna wa ku Kobwe amene amawolotsa nkhuni pa boti la matanga kudzagulitsa kuno, poti ife pa Likoma ngakhale zophikira timadalira kutsidya. Mitengo yoyamba anaithyola yonse. Kenaka Keziah, amene anakula akuona bambo ake akusema, anayamba kuponyapo mawu podutsa ndi ndowa ya madzi, ngati akulankhula ndi nkhuku. A Basil ankakhala ngati sanamve, mawa lake n'kuchita zomwezo. Pang'ono ndi pang'ono mauta anasiya kuthyoka. Koma uliwonse ukatha ankaupezera chifukwa. Uwu wapindika kwambiri mbali imodzi, uwu khungwa lang'ambika kunsonga, uwu ukulira moipa. N'kuukweza kudenga.

Ine ndinaona msanga chimene chinalipo, ndipo ndinawauza pamaso. Anali mantha. Uta umene uli kudenga sungathyoke pamaso pa apongozi. Munthu wotha kukwera padenga la nyumba mphepo ikuwomba ankaopa nkhalamba imodzi yosakalipa n'komwe. Zaka zitatu zomalizazi anasiyiratu kuwoloka. Keziah akamapita, iwo ankapezeka ndi chitseko cha munthu choti amalize.

Chaka chatha mu Julaye, mwera uli pakati, Ernesto anatsitsa mtengo wina wosiyana ndi yonse. Anaudula m'nyengo yoyenera, yozizira, pamene mtengo ulibe madzi ambiri ndipo khungwa limamatirira osasendeka. Unali wonenepa ngati dzanja langa pamkono, wautali kufika pachibwano pa a Basil, wowongoka. Msuweni wanga anauzungulira katatu osaupezera chifukwa. Anamata phula kunsonga zonse ziwiri kuti usang'aluke, anaumangirira ku mtanda wa khonde pamthunzi, n'kunena kuti ufunika miyezi itatu.

Patangotha milungu itatu Ernesto yemweyo anabwera ndi uthenga woti a Jeremiya afooka. Maso anali atasiya kale kuona, tsopano ndi chakudya chomwe ankangolawa. Keziah anawoloka mawa lake. Anakhalako sabata, ndipo pobwera sanafike n'kukhala pansi. Anaima pakhonde, katundu ali kumutu, n'kuloza kudenga.

"Bambo a Sophie, tengani uliwonse pamenepa tizipita. Atate sakuona. Mvula ya chaka chino saipeza."

A Basil anayankha motsitsa kuti munthu wosaona ndiye wovuta kumunamiza, chifukwa amaona ndi zala. Anati zaka zonsezi akhala akunena kuti uta ukuuma, ndipo kwa nthawi yoyamba mawuwo ndi oona, ndiye sapita ndi wina. Keziah anawafunsa ngati akufuna kukapereka uta kumanda. Kwa masiku angapo m'nyumbamo munkangomveka mbale.

Ine ndinapereka nzeru yanga, yoti mtengowo tiuyanike pathandala limodzi ndi usipa, masiku atatu udzakhala gwa. Anandiyang'ana ngati ndatukwana m'tchalitchi. Dzuwa likanang'amba khungwa, moto ukanalifutukula, ndiye panalibe njira ina koma kudikira. M'mawa uliwonse ankaumasula, kuunyamula kuti amve kulemera kwake, kuugogoda ndi chala khutu lili pomwepo, n'kuumangiriranso. Boti la Ernesto likaoneka, ankatsikira kugombe n'kuima m'madzi ofika m'mawondo, maso ali pankhope ya mwini boti. Ernesto anazindikira, moti ankayamba kukweza dzanja ali patali kusonyeza kuti madala akadalipo. Kunena zoona, masiku amenewo ndinawamvera chisoni msuweni wanga, ndipo ndinachepetsako pakamwa.

Panalinso vuto lina. Kumsana kwa mtengowo, cha pakati pa chogwirira ndi nsonga, kunali kachotupa kakang'ono ngati njere ya nyemba, pamene panafuna kumera nthambi n'kuleka. Chala cha a Basil chinkangopita pomwepo. Akamalankhula ndi munthu chala chili pa kachotupa, akamamwa tiyi chala chili pa kachotupa. Keziah anaona, ndipo tsiku lina anafika kwanga atafundika chinthu m'chitenje. Inali puleni. Ndinaibisa pansi pa dengu la chinangwa chouma. Mwini wake anaifunafuna tsiku lonse akulumbira kuti amangofuna kupalira chitseko, koma tonse atatu tinkadziwa chitseko chake.

Anayamba kusema kumapeto kwa Sepitembala, miyezi itatu ija isanakwane bwino, chifukwa dzanja la Ernesto linali litayamba kukwera mwaulesi. Anasema kumimba kokha. Anayamba ndi kasemasema, kenaka mpeni, pomaliza chidutswa cha botolo, kumangopala timizere topyapyala ngati tsitsi. Akapala pang'ono ankaika nsonga pansi n'kutsamira pa utawo kuti aone ngati mbali ziwirizo zikupindika mofanana. Mbali ina ikaumirira, ankaipalanso kawiri katatu n'kuyesanso. Kumsana anakulungako nsanza kuti ngakhale chikhadabo chisakhudze khungwa. Vanishi sanamuyandikire. Anangopaka mafuta a nsatsi ndi chikhatho, tsiku ndi tsiku, mpaka mtengo unada bwino.

Nsinga anapota ndi Keziah. Mauta ena aja onse ali ndi ulusi wa ukonde, koma uwu anakana. Anakasenda luzi la mlambe wa kuseri kwa nyumba yanga, analiviika, analipota pantchafu monga ankachitira bambo ake, uku akung'ung'udza kuti anakwatiwa ndi munthu wouma mutu kuposa mitengo yake. Ntchafu inafiira, koma sanalole kuti ndimuthandize.

Tinawoloka sabata yachiwiri ya Okutobala. Ndinauza anthu kuti ndikupita kukaona uta ukuthyoka kachiwiri, poti koyamba ndinaonera ndili patsogolo. Chenicheni n'chakuti zinthu zikanavuta, msuweni wanga akanafuna munthu womukwiyira, ndipo ntchito imeneyo ndimaitha. M'boti anakhala ataukumbatira uta wokulungidwa m'chitenje, osalola kuti ukhudze thabwa. Kuchokera pa Kobwe tinakwera phiri maola atatu dzuwa likuswa mtengo, iwo patsogolo, ife amayi tikuwefuka m'mbuyo.

Tinawapeza a Jeremiya atakhala pamkeka pansi pa mtengo wa mango, atatsamira thunthu. Munthu amene ndinkamudziwa ali ndi mapewa odzaza khomo anali atatsala mafupa okhaokha. Mwana wawo wamwamuna, Alick, amene ankawasamalira, anawauza kukhutu kuti alendo a ku Likoma afika. Tinagwada, tinapereka moni mmodzimmodzi. Atamva mawu a a Basil anamwetulira, n'kutembenuzira nkhope kumene kunachokera mawuwo.

"Apongozi, mwasowa. Nanga uta wanga? Ukuuma?"

"Wauma, bambo."

A Basil anamasula chitenje, anayenda ndi mawondo n'kuika uta pamiyendo ya nkhalambayo. A Jeremiya sanayambe ndi kumimba kumene kunali ntchito yonse ya milungu iwiri. Anautembenuza, anaika chala chachikulu kunsonga ya kumsana, n'kuyamba kutsika pang'onopang'ono pa khungwa. Anadutsa chogwirira. Atafika pa kachotupa kaja chala chinaima. Anakazungulira, anakakanda pang'ono ndi chikhadabo.

"Apa munapasiya."

"Ndinapasiya, bambo."

"Zinakupwetekani."

"Kwambiri," anatero a Basil, ndipo Keziah anaseka koyamba m'miyezi iwiri, misozi ili m'masaya.

Nsinga anaizindikira okha. Anaigudubuza pakati pa zala n'kunena kuti kapotedwe aka n'ka m'nyumba mwawo, ndipo mwana amene anapota amakokabe kwambiri dzanja lamanja monga ankachitira ali wamng'ono. Kukoka uta sakanatha, ngakhale kuunyamula kunkawalemera. Anauza mkamwini wawo kuti aimirire pafupi, akoke, iwo amvetsere.

Alick anabweretsa muvi wakale wa bambo ake. Msuweni wanga anaimirira, ndipo ulendo uno sanaime ngati pojambulitsa. Anakoka pang'onopang'ono. Nsinga itafika pachifuwa, pamene uja unathyokera, Keziah anandigwira mkono mpaka zikhadabo kulowa. Uta unapindika, unapindikabe, nsinga inafika patsaya. Kenaka tinamva kulira kwake, kwakuya, kamodzi, ndipo uta unabwerera mwakale uli wathunthu.

A Jeremiya anagwedeza mutu, n'kufunsa kuti muvi walasa chiyani. Ndinayankha ndine, chifukwa ena onse ankachita manyazi. Unali utabaya papaya wa Alick, kumanzere kwenikweni kwa chitsa chimene ankalozera. Madala anaseka mpaka kutsokomola, n'kunena kuti palibe kanthu, iwo anapempha uta, sanapemphe mlenje.

Dzuwa linali litafika pamkeka, ndiye anapempha kuti awasunthire pakhonde. Anati awapatse ndodo yawo, imene inali kuseri kwa thunthu. A Basil ndi amene anali pafupi. Anaitola, n'kuima nayo chilili osaipereka. Inali ndodo yaifupi, yopindika pang'ono, yosalala mbali zonse, kumutu kwake atakulungako mphira pamalo pothyoka. M'munsimunsi munali mukuonekabe timadontho ta vanishi.

Alick anatiuza kuti chinali chidutswa cha uta woyamba uja, chimene chinawoloka nawo bambo ake pobwerera kwawo nkhondo itatha, ndipo chinakhala kudenga zaka zonsezi. Miyendo itayamba kukana anachitsitsa. Alick anawasemera ndodo zina ziwiri zazitali bwino, koma anazikana.

"Mnyamata wa ku mishoni anatha masiku anayi akupala mtengo chifukwa cha mwana wanga," anatero a Jeremiya, dzanja lili m'malere kudikira ndodo. "Ningautaye? Ndiponso m'manja simulasa, ngosalala. Puleni yanu ni yabwino, apongozi, munangoiika polakwika."

Msuweni wanga anaika ndodo m'dzanja lija, anagwira nkhalambayo m'khwapa n'kuidzutsa. Ankalira poyera, bambo wa imvi, osapukuta n'komwe. Ali pakati pa bwalo, a Jeremiya anaima kuti apume, n'kunena kuti sopano Keziah ni wawo ndithu, angathe kumtenga. Keziah, mayi wa ana asanu ndi adzukulu asanu ndi awiri, anayankha ali m'mbuyo kuti ayamba waganiza kaye.

A Jeremiya anamwalira patatha milungu itatu, mvula yoyamba isanagwe. Alick akuti masiku onsewo uta unkagona pambali pawo pamkeka, ndipo aliyense wobwera kudzawazonda ankamugwiritsa kachotupa kaja. Utawo unatsala komweko, uli pakhoma m'nyumba ya Alick. Ndodo ndi imene inabwera kuno, chifukwa mwini wake anasiya mawu oti ibwerere kwa amene anaipala.

Puleni ndinabweza. Mauta makumi atatu ndi umodzi aja akadali kudenga, ndipo palibe wina wawonjezekapo. Akhwangwala akudyabe usipa wanga, ndipo za zimenezo ndimawanena a Basil m'mawa uliwonse. Koma Lamulungu akamapita ku Chipyela amatenga ndodo ija, ngakhale miyendo yawo ilibe vuto lililonse. Ndi yaifupi kwa iwo, moti amayenda chowerama mbali imodzi njira yonse yochokera ku Yofu, anthu n'kumawafunsa ngati msana wayamba. Ine ndimayenda pambuyo pawo, ndipo pa ndodo imeneyo sindinanenepo kanthu.